Foni Ikalankhula Chinenero Chako, Fodya Amasiyika

Achinyamata anzanga, tiyeni tiyambe ndi kuyerekeza. Bambo wina wa zaka 40 anachoka kwawo ku Mexico n'kukakhala ku America, m'dera la Kansas, komwe amagwira ntchito yomanga nyumba. Amadzuka kusanache, amaweruka dzuwa litalowa. Anayamba kusuta ali mnyamata, ndipo lero mwana wake wamng'ono amatsokomola usiku chifukwa cha utsi wa m'nyumba. Bamboyu akufunitsitsa kusiya fodya. Wayesapo katatu, koma ulendo uliwonse sanathe ngakhale sabata imodzi.

Kuchipatala sapita kawirikawiri chifukwa ndalama zake n'zambiri, komanso tsiku limene wajomba kuntchito salandira malipiro. Akapitako, dokotala amalankhula Chingerezi, pomwe iye chinenero chake ndi Chisipanishi. Timapepala ta malangizo timene amam'patsa amangotipinda n'kutiika m'thumba. Koma m'thumba lomwelo muli chinthu china chimene sasiyana nacho usana ndi usiku: foni ya m'manja.

Funso limene madokotala ndi akatswiri a kafukufuku akhala akudzifunsa ndi lakuti: kodi foni imeneyi singakhale phungu wa bamboyu? Nkhani yathu ikufotokoza zimene akatswiriwa achita, zimene zayenda bwino ndi zimene zakanika.

Kodi anthu amenewa ndani?

Chisipanishi ndi chinenero cha dziko la Spain, koma chimalankhulidwanso ku Mexico, Cuba, Puerto Rico, Peru, Argentina, Colombia ndi maiko ena ambiri a chigawo chimenecho. Anthu ochuluka ochokera kumaiko amenewa, pamodzi ndi ana ndi zidzukulu zawo, amakhala ku America ndipo amadziwika ndi dzina loti Latino kapena Hispanic. Kalembera wa mu 2020 anapeza kuti analipo oposa 62 miliyoni, kutanthauza pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu asanu alionse a m'dzikomo. Oposa 40 miliyoni amalankhula Chisipanishi pakhomo pawo.

Tikangoona chiwerengero chonse, zimaoneka ngati vuto la fodya pakati pawo ndi laling'ono. Mu 2021, akuluakulu pafupifupi 8 mwa 100 alionse a mtundu wa Latino ndiwo ankasuta ndudu, pomwe m'dziko lonselo anali oposa 11 mwa 100 alionse. Koma chiwerengero chimenechi chimabisa zambiri. Kafukufuku wamkulu amene anachitika pakati pa 2008 ndi 2011 ku Bronx, Chicago, Miami ndi San Diego, wokhudza anthu oposa 16,000, anaonetsa kuti abambo 35 mwa 100 alionse ochokera ku Puerto Rico ankasuta. Ochokera ku Cuba anali 31, pomwe ochokera ku Dominican Republic anali 11 okha. Choncho ngakhale amalankhula chinenero chimodzi, kasutidwe kawo n'kosiyana kwambiri.

Chinanso n'chakuti ambiri mwa iwo sasuta tsiku lililonse, kapena amasuta ndudu zochepa patsiku. Zimenezi zimawapusitsa. Munthu amati, "Ine sindine wosuta weniweni, ndimangolawa ndikakhala ndi anzanga." Dokotala naye nthawi zina safunsa n'komwe. Kafukufuku waonetsa kuti osuta a mtundu wa Latino salangizidwa kawirikawiri ndi madokotala kuti asiye, poyerekeza ndi azungu, ndipo ndi ochepa amene amagwiritsa ntchito mankhwala othandiza kusiya fodya. Mu 2021, pafupifupi 18 mwa 100 alionse analibe inshuwalansi yolipirira kuchipatala. Zotsatira zake n'zomvetsa chisoni: khansa ya m'mapapo ndiyo khansa imene imapha abambo ambiri a mtundu umenewu ku America.

N'chifukwa chiyani kusiya fodya kumavuta?

Anthu ena amaganiza kuti munthu wolephera kusiya fodya ndi wofooka maganizo. Ayi ndithu. Mu fodya muli mankhwala otchedwa nikotini. Munthu akakoka utsi, nikotini amafika kuubongo pasanathe masekondi 20, ndipo amam'chititsa kumva bwino kwa kanthawi kochepa. Ubongo ukazolowera umayamba kufuna nikotini nthawi ndi nthawi. Akasowa, munthu amakwiya msanga, amasowa tulo, maganizo sakhazikika, amamva njala pafupipafupi ndipo chibaba chimam'gwira mwamphamvu.

Mavutowa amakula kwambiri m'sabata yoyamba, kenako amayamba kuchepa pakatha masabata awiri mpaka anayi. Chibaba chimodzi sichikhalitsa. Chimabwera, n'kukula, ndipo pakapita mphindi zochepa chimazilala chokha. Vuto ndi lakuti mphindi zochepa zimenezo zimafika munthu ali yekha: pa nthawi yopuma kuntchito, atakangana ndi mkazi wake, kapena ali pamowa ndi anzake. Phungu wa kuchipatala sakhalapo pa nthawi imeneyo. Mwa anthu 100 amene amayesa kusiya paokha popanda thandizo lililonse, ndi pafupifupi asanu okha, mwinanso osakwana, amene amatha chaka osasuta.

Komatu phindu la kusiya ndi lalikulu. Utsi wa fodya uli ndi mankhwala oposa 7,000, ndipo pafupifupi 70 mwa iwo amayambitsa khansa. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limanena kuti fodya amapha anthu oposa 7 miliyoni chaka chilichonse. Munthu wosuta moyo wake wonse amataya zaka pafupifupi 10 za moyo wake, koma akasiya asanafike zaka 40 amapewa mbali yaikulu ya chiopsezo chimenechi. Pakangotha chaka chimodzi chisiyireni, chiopsezo chodwala matenda a mtima chimakhala chitatsika kwambiri.

Kodi pulogalamu ya pafoni imachita chiyani?

Pali mitundu itatu ya thandizo la pafoni. Woyamba ndi mauthenga olembedwa amene amafika pafoni ina iliyonse, ngakhale yosalowa pa intaneti. Wachiwiri ndi mapulogalamu oika m'foni zamakono, amene ambiri timangowatchula kuti ma app. Wachitatu ndi mapulogalamu ocheza nawo, amene umawalembera funso n'kukuyankha ngati munthu.

Pulogalamu yabwino imayamba ndi kufunsa mafunso: umasuta ndudu zingati patsiku? Umasuta nthawi yanji? N'chifukwa chiyani ukufuna kusiya? Kenako imakuthandiza kusankha tsiku losiyira, lomwe kawirikawiri limakhala mkati mwa masabata awiri. Tsikulo lisanafike imakukumbutsa kutaya ndudu ndi machesi, kuuza achibale ndi anzako za cholinga chako, ndiponso kukonzekera chochita chibaba chikabwera. Tsikulo likafika, mauthenga amachuluka, kenako amanka nachepa masabata akamapita.

Chibaba chikakugwira, umatumiza liwu limodzi kapena kudina batani, ndipo nthawi yomweyo umalandira malangizo: imwa madzi, puma mpweya wambiri pang'onopang'ono, tuluka uyende pang'ono, imbira mnzako. Pulogalamu imawerenganso masiku amene wakhala osasuta ndi ndalama zimene wasunga. Ukaphonya n'kusuta ndudu imodzi, siikudzudzula. Imakufunsa chimene chinachitika n'kukulimbikitsa kuyambiranso tsiku lomwelo. Zonsezi ndi zimene phungu wabwino amachita, kungoti foni imakhala nawe ngakhale pakati pa usiku.

Kwa anthu a mtundu wa Latino njira imeneyi ndi yoyenera chifukwa foni ali nazo. Bungwe la kafukufuku la Pew linapeza mu 2021 kuti 85 mwa 100 alionse anali ndi foni yamakono, ndipo mmodzi mwa anayi alionse ankalowa pa intaneti kudzera pafoni pokha chifukwa kunyumba kwake kunalibe njira ina.

Kumasulira mawu kokha sikukwanira

Wina angaganize kuti ntchito yake ndi yosavuta: kungotenga pulogalamu ya Chingerezi n'kuimasulira m'Chisipanishi. Akatswiri anaona kuti zimenezi sizikwanira.

Choyamba, Chisipanishi chimasiyana malinga ndi dziko. Ndudu ena amaitchula kuti cigarrillo, ena cigarro, ku Spain amatinso pitillo, pomwe ku Argentina ambiri amati pucho. Uthenga wolembedwa m'mawu a ku Madrid ungamveke wachilendo kwa munthu wa ku Mexico.

Chachiwiri ndi ulemu. Monga momwe ife timasiyanitsira iwe ndi inu, nawonso amasiyanitsa tú ndi usted. Nambala ya foni yaulere yopereka uphungu m'Chisipanishi imene boma la America linatsegula mu 2013 ili ndi mawu oti Déjelo Ya, kutanthauza kuti "musiyeni tsopano lino", ndipo amenewa ndi mawu aulemu olankhula kwa munthu wamkulu. Koma pulogalamu ina yomwe tiikambe kutsogoloku dzina lake linachokera ku liwu loti decídete, kutanthauza kuti "tsimikiza mtima", monga momwe ungauzire mnzako. Wolemba uthenga ayenera kudziwa amene akulankhula naye. Tangoganizani foni ikuuza agogo anu kuti "iwe, taya fodyayo". Kodi angaimvere?

Chachitatu ndi chifukwa chimene munthu amasiyira fodya. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, gulu la akatswiri a ku San Francisco, kuphatikizapo dokotala Eliseo Pérez-Stable, yemwe anabadwira ku Cuba, ndi Gerardo Marín, linafunsa osuta olankhula Chisipanishi chimene chimawadetsa nkhawa pa nkhani ya fodya. Anapeza kuti ambiri ankada nkhawa ndi banja lawo: kuononga thanzi la ana ndi kuwaonetsa chitsanzo choipa. Anapezanso kuti ambiri ankasuta makamaka pocheza ndi anzawo. Choncho kabuku kamene analemba, kotchedwa Guía para dejar de fumar, kanatsindika za banja komanso za mmene ungakanire ndudu mwaulemu mnzako akakupatsa. Kabukuka kanagawidwa kwa anthu ambiri, ndipo mfundo zake n'zimene mapulogalamu a pafoni a masiku ano akutsatirabe.

Tisaiwale kuti makampani a fodya anadziwa zimenezi kalekale. Ankalemba malonda awo m'Chisipanishi, ankathandiza zikondwerero za chikhalidwe cha anthu a mtundu wa Latino, ndipo anatulutsa ndudu za maina ngati Rio ndi Dorado pofuna kukopa anthu omwewa. Wogulitsa anaphunzira chinenero cha wogula asanachiphunzire wochiritsa.

Kuchokera pa kabuku kufika pafoni

Mmodzi mwa anthu amene anayamba msanga kugwiritsa ntchito makina pa nkhaniyi ndi Ricardo Muñoz, katswiri wa za maganizo wobadwira ku Peru, yemwe ankagwira ntchito pa yunivesite ya California ku San Francisco. Iye anaona kuti anthu ambiri amabwerera ku fodya akakhumudwa, choncho anakonza maphunziro otchedwa Tomando Control de su Vida, othandiza munthu kulamulira maganizo ake pamene akusiya fodya. Poyamba ankawatumiza pa positi. Kenako anawaika pa intaneti m'Chisipanishi ndi m'Chingerezi. Mu 2009 iye ndi anzake anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa osuta 1,000 ochokera m'maiko 68, theka la iwo olankhula Chisipanishi. Patatha chaka, pafupifupi mmodzi mwa asanu alionse ananena kuti sakusuta. Pambuyo pake, ali pa yunivesite ya Palo Alto, gulu lake linakonza pulogalamu ya pafoni ya zinenero ziwirizi, ndipo poikonza linkafunsa maganizo a osuta opeza movutikira omwe ankayembekezeka kuigwiritsa ntchito.

Pa nthawi yomweyo, maiko ena ankayesa mauthenga a pafoni. Ku Britain, kafukufuku wotchedwa txt2stop wa osuta 5,800 anaonetsa mu 2011 kuti mwa amene ankalandira mauthenga olimbikitsa, pafupifupi 11 mwa 100 alionse anali atasiya patatha miyezi isanu ndi umodzi, pomwe mwa amene sankalandira anali 5 okha. Zotsatira ngati zimenezi zinalimbikitsa ena. Bungwe la boma la America loona za khansa linatsegula tsamba la Smokefree m'Chisipanishi ndi mauthenga a pafoni a m'chinenero chomwecho. Ku San Antonio, m'dera la Texas, gulu lotsogozedwa ndi Amelie Ramirez linayambitsa Quitxt, mauthenga a zinenero ziwiri opita kwa achinyamata osuta a m'derali. Ku Spain, bungwe lolimbana ndi khansa la m'dzikomo linatulutsa pulogalamu yaulere yotchedwa Respirapp. Mu 2020 bungwe la WHO nalo linatulutsa Florence, phungu wa pakompyuta wooneka ngati munthu, ndipo Chisipanishi chinali chimodzi mwa zinenero zimene anaphunzitsidwa kulankhula.

Kodi zikuthandizadi?

Apa mpofunika kunena zoona zokhazokha, chifukwa nkhani ya moyo siifuna kukometsera. Tiyeni tione kafukufuku atatu.

Woyamba ndi wa Decídetexto, pulogalamu imene inakonzedwa ndi gulu la Ana Paula Cupertino ndi Francisco Cartujano-Barrera mothandizana ndi anthu a mtundu wa Latino eniake. Munthu amayamba ndi kukonza dongosolo lake losiyira fodya, kenako amalandira mauthenga kwa masabata 24 m'chinenero chimene wasankha, ndipo amatha kuyankha kapena kufunsa. Anaiyesa pa osuta 457 a ku Kansas, New Jersey ndi New York. Gulu lina linalandira pulogalamuyi, lina linalandira timabuku ta malangizo, ndipo magulu onse awiri anali ndi mwayi wolandira mankhwala aulere. Zotsatira zinatuluka mu 2024. Mwa amene anali pa pulogalamu, 34 mwa 100 alionse ananena kuti asiya, pomwe gulu la timabuku anali 21. Koma atawapima m'thupi kuti atsimikize, chiwerengero chinatsika kufika pa 14 ndi 9, ndipo kusiyana kumeneku kunali kochepa moti akatswiri sakanatha kunena motsimikiza kuti sikunangochitika mwangozi. Tikuphunzirapo zinthu ziwiri: pulogalamuyi ikupereka chiyembekezo, komanso zonena pakamwa ndi zopima sizifanana nthawi zonse.

Wachiwiri anachitikira ku Madrid, m'zipatala zazing'ono 34. Kumeneko anayesa pulogalamu yocheza nayo yotchedwa Dejal@bot, yodzera pa Telegram, pa osuta 513. Patatha miyezi isanu ndi umodzi, atawapima, 26 mwa 100 alionse amene ankacheza ndi pulogalamuyi anali atasiya, pomwe amene ankangoonana ndi dokotala kapena namwino monga mwa nthawi zonse anali 19. Zotsatirazi zinafalitsidwa mu 2022. Vuto linali lakuti anthu ambiri anasiyira panjira osabweranso kudzapimidwa.

Wachitatu ndi wa pulogalamu ya iCanQuit ya Jonathan Bricker wa ku Seattle. Pulogalamu imeneyi siiphunzitsa kuthawa chibaba. Imaphunzitsa kuchivomereza kuti chabwera, kuchiyang'anitsitsa osachimvera, mpaka chitadutsa. Mu 2020, pa osuta 2,415, anapeza kuti patatha chaka 28 mwa 100 alionse anali atasiya, pomwe amene ankagwiritsa ntchito pulogalamu ina yotchedwa QuitGuide anali 21. Koma kafukufukuyu ankalola okhawo odziwa kuwerenga Chingerezi. Bambo wathu wa ku Kansas uja sakanalowa nawo. Apa mpamene pali kusiyana kwakukulu: mapulogalamu oyesedwa bwino ambiri ndi a Chingerezi, ndipo a m'zinenero zina amabwera mochedwa.

Mu 2024 bungwe la WHO linatulutsa malangizo ake oyamba a kathandizidwe ka akuluakulu ofuna kusiya fodya. Malangizowo anavomereza mauthenga ndi mapulogalamu a pafoni ngati njira yothandizira, pamodzi ndi uphungu wa ogwira ntchito zaumoyo komanso mankhwala monga chingamu ndi zomata pakhungu za nikotini, varenicline, bupropion ndi cytisine. Bungweli linanena kuti mwa anthu 1.25 biliyoni ogwiritsa ntchito fodya, oposa 60 mwa 100 alionse amafuna kusiya, koma 70 mwa 100 alionse alibe kopeza thandizo loyenera. Linatsindikanso kuti mwayi wosiya umakula kwambiri uphungu ukaphatikizidwa ndi mankhwala.

Mavuto amene alipo

Si pulogalamu iliyonse imene ili yothandiza. Lorien Abroms ndi anzake ataunika mapulogalamu 47 osiyira fodya a pa iPhone, anafalitsa mu 2011 kuti ambiri sankatsata malangizo ovomerezeka a zaumoyo. Ena ankangowerenga masiku basi, osatchula za mankhwala kapena za kopeza phungu. Aliyense angathe kupanga pulogalamu n'kuigulitsa, ndipo kukongola kwa zithunzi zake si umboni woti imagwira ntchito. Paja akuluakulu amati chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere.

Vuto lachiwiri ndi kutopa nayo. Anthu ambiri amaika pulogalamu m'foni ali ndi chidwi, amaitsegula masiku awiri kapena atatu, kenako n'kuiiwala. Mankhwala osamwa sachiritsa, ndipo pulogalamu yosatsegula siithandiza. N'chifukwa chake mauthenga obwera okha nthawi zambiri amafikira anthu bwino kuposa pulogalamu yodikira kuti uitsegule.

Vuto lachitatu ndi mantha. Ena mwa anthu olankhula Chisipanishi ku America alibe zikalata zowaloleza kukhala m'dzikomo, kapena ali ndi achibale otero. Pulogalamu ikafunsa dzina, malo okhala ndi nambala ya foni, munthu amaopa kuti zimenezi zikathera kuti. N'chifukwa chake magulu a kafukufuku amadalira alangizi a zaumoyo a m'madera, amene m'Chisipanishi amatchedwa promotores de salud. Amenewa ndi anthu a m'dera lomwelo, odziwika kutchalitchi ndi kumsika, ndipo ndi amene amafotokozera anthu za pulogalamu n'kuwathandiza kulembetsa. Monga mlangizi wa zaumoyo, mfundo imeneyi imandikhudza. Pa ntchito yanga ndaona kuti munthu amalandira uthenga ngati akukhulupirira amene waubweretsa. Foni imanyamula uthenga, koma chikhulupiriro chimabwera ndi munthu.

Vuto lachinayi ndi kuwerenga. Ena sanapite patali ndi sukulu, ndipo uthenga wautali wa mawu ovuta suwathandiza ngakhale utalembedwa m'chinenero chawo. Okonza mapulogalamu abwino amayesa uthenga uliwonse pa anthu wamba asanautumize, ndipo amawonjezera zithunzi, mawu omvera ndi makanema aafupi.

Fodya ndi kachilombo ka HIV

Nkhaniyi ikukhudzanso anzathu amene ali ndi kachilombo ka HIV. Ku America, pafupifupi atatu mwa anthu 10 alionse amene apezeka kumene ndi kachilomboka m'zaka zaposachedwapa ndi a mtundu wa Latino. Kafukufuku wa mu 2009 anapeza kuti mwa akuluakulu amene ankalandira chithandizo cha HIV m'dzikomo, 42 mwa 100 alionse ankasuta, kuwirikiza kawiri anthu ena onse. Ku Denmark, komwe ma ARV ndi aulere, akatswiri anafalitsa mu 2013 kuti anthu osuta amene ali ndi kachilomboka ankataya zaka zambiri za moyo chifukwa cha fodya kuposa chifukwa cha kachilombo kenikeniko. Fodya amawonjezera chiopsezo cha chifuwa chachikulu, chibayo, matenda a mtima ndi khansa. Munthu amene amamwa ma ARV mokhulupirika koma n'kumasuta ali ngati wotunga madzi m'ndowa yobooka.

Kodi ife tikuphunzirapo chiyani?

Achinyamata anzanga, nkhaniyi ndi ya kutali, koma fodya si mlendo kwathu kuno. Dziko la Malawi limalima fodya wambiri wa bale, ndipo mu 2023 linalowa m'pangano la WHO lochepetsa kusuta fodya. Ndudu imagulitsidwa imodziimodzi pa okala, ndipo ambiri amene amasuta anayamba ali msinkhu wathu uno.

Phunziro lalikulu kuchokera kwa anzathu olankhula Chisipanishi ndi lakuti thandizo limagwira ntchito likafika m'chinenero cha munthu, mwaulemu womuyenera, likakhudza chimene iye amachikonda, ndiponso likam'peza pa nthawi imene chibaba chafika. Zambiri mwa zimenezi sizifuna foni yodula. Ngati mnzanu wa m'kalabu kapena m'bale wanu akufuna kusiya, muthandizeni kusankha tsiku. Mufunseni chifukwa chake chenicheni n'kumam'kumbutsa. M'sabata yoyamba mutumizireni uthenga m'mawa ndi madzulo. Muuzeni kuti chibaba chikam'gwira akuflasheni, inu muimbe kapena mupite. Akaphonya musamuseke, chifukwa ambiri amene anasiya fodya anayesa kangapo asanapambane. Mulimbikitseni kukaonana ndi achipatala, makamaka ngati akutsokomola kwa masabata awiri kapena kuposerapo, kapena ngati ali pa ma ARV. Mutu umodzi susenza denga.

Ngati muli ndi foni yamakono ndipo mukufuna kuyesa pulogalamu, funsani mafunso awa: anaipanga ndani? Kodi ndi boma, yunivesite kapena bungwe lodziwika la zaumoyo? Kodi inayesedwapo? Kodi ikutchula za uphungu ndi mankhwala? Kodi ikufuna ndalama kapena zinsinsi zanu? Pulogalamu yolonjeza kuti musiya fodya tsiku limodzi popanda kuvutika ikukunamizani.

Ndipo kwa inu amene simunayambe, musayerekeze n'komwe. Bambo wa ku Kansas uja anayamba ndi ndudu imodzi imene mnzake anam'patsa. Lero, patatha zaka zoposa 20, akudikira uthenga wa pafoni kuti umuthandize kupirira mphindi zisanu.

Mafunso okambirana ku kalabu

1. Kodi achinyamata a m'dera lathu amayamba bwanji kusuta, ndipo amayambira kuti?
2. Mnzako akakupatsa ndudu, ungaikane ndi mawu otani popanda kuthetsa chibwenzi?
3. Tikanati tilembe mauthenga asanu a Chichewa othandiza munthu m'sabata yake yoyamba, tikanalemba chiyani kwa mnyamata mnzathu? Nanga kwa bambo wachikulire?
4. Ndani m'kalabu yathu angadzipereke kuyenda ndi mnzathu wofuna kusiya fodya kwa mwezi wathunthu?